Chiwongolero Chikayamba Kuvina pa Msewu wa Mchinji

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE)

WOULUTSA: A pa Msundwe, a ku Namitete, a ku Mpingu, ndi inu a ku Nsaru, ku Kabudula ndi ku Nambuma, takulandirani nonse. Yakwana nthawi ija ya pulogalamu yathu ya za galimoto. Achimwene adalaivala amene mwaima pa siteji kudikira kuti idzaze, kwezani pang'ono wailesiyo kuti nawo akondakitala amve, chifukwa nkhani ya lero ndi yanu nonse. Tikamba za chiwongolero chonjenjemera.

Aliyense woyenda pa msewu wa M12, uwu wochoka mu Lilongwe kudzera kwathu kuno mpaka ku Mchinji ndi ku chipata cha Mwami, vutoli analionapo, ngakhale asakhale dalaivala. Galimoto imanyamuka bwinobwino. Pa 40 ili phee. Pa 60 palibe kanthu. Muvi wa liwiro ukangofika pa 80 kapena 90, mikono ya dalaivala yayamba kugwedezeka, galasi loonera kumbuyo likuonetsa zinthu ziwiriziwiri, makobidi a pa dashibodi akulira okha. Amayi amene akhala kutsogolo akafunsa, yankho limakhala lodziwika kale: musadandaule amayi, imatero imeneyi, ndikaponda isiya. Ndipo zoonadi, akaponda kufika pa 110, kunjenjemera kuja kumachepa, mwinanso kutheratu. Kusiya kumeneku ndi kumene kumapusitsa anthu, ndipo lero ndikufuna timvetsetsane chimene chimachitika pansi pa galimotoyo pa nthawi imeneyo.

Tiyambe ndi njinga, poti pafupifupi khomo lililonse ilipo. Itembenuzeni, chishalo pansi, matayala m'mwamba. Zungulitsani pang'ono tayala lakutsogolo, mulisiye liime lokha, muike chizindikiro ndi choko kapena khala pamalo amene atsikira pansi. Zungulitsaninso. Ngati maberingi ali bwino, mudzaona kuti malo omwe aja ndi amene akutsikiranso pansi, ndipo tayala lisanaime limayamba labwerera uku ndi uku. Pamenepo ndiye kuti pali polemera kuposa pena ponse. Mwina ndi pa valavu, mwina ndi pamene munamata chigamba chaka chatha.

Tayala la galimoto nalo ndi chimodzimodzi. Ngakhale latsopano, lochokera ku fakitale lero, silikhala lolemera mofanana kuzungulira konse. Mphira ndi mawaya a m'kati mwake amakumanizidwa penapake, ndipo polumikizira pamenepo pamakhala pokhuthalako. Limu nayo ili ndi polemera pake, kuphatikizapo valavu. Kusiyana kwake kumakhala kochepa zedi, magalamu 20, 30 kapena 40, moti pa sikelo ya ogula soya pa msika simungakuone n'komwe. Ndiye munthu n'kufunsa kuti magalamu 30 angagwedeze bwanji galimoto yolemera kuposa tani imodzi, yodzaza anthu ndi matumba?

Yankho lili pa liwiro. Titenge tayala la mainchi 14, limene mumaliona pa ma Sienta ambiri onyamula anthu pa msewu uno. Likazungulira kamodzi limayenda pafupifupi mamita awiri, ndiye pa kilomita imodzi lazungulira kopitirira 500. Galimoto ikamathamanga pa 80, tayala limeneli likuzungulira ka 12 pa sekondi imodzi, ka 700 pa mphindi. Chinthu cholemera chikamazungulira chimakokera kunja, ndipo mphamvu yokokayo siikula mofanana ndi liwiro ayi, imathamangira patsogolo. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvuyo imawirikiza kanayi. Pa 80, chilichonse chimene chamatirira m'mphepete mwa limu chimakoka ngati kuti kulemera kwake kwachulukitsidwa pafupifupi ka 100. Magalamu 30 aja asanduka makilogalamu atatu, akumenya m'mwamba, akumenya pansi, ka 12 pa sekondi iliyonse, kuchoka pa Msundwe mpaka m'tauni.

Nanga n'chifukwa chiyani imasiya akaponda? Apa mumvetsere, achimwene. Tayala silinamangiriridwe ku galimoto ndi chitsulo chouma. Lili pakati pa sipuling'i kumtunda ndi mpweya wake womwe kunsi, ndipo zonsezi ndi zodumpha. Chilichonse chodumpha chili ndi kadumphidwe kake kachibadwa, ndipo pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri gudumu limakonda kudumpha ka 10 mpaka ka 15 pa sekondi. Liwiro la 80 mpaka 100 ndi limene limapangitsa tayala kuzungulira kangapo komweko. Polemera paja pamakankha pa nthawi yeniyeni imene gudumu lafuna kale kudumpha, ndiye kudumphako kumangokulirakulira mpaka kufika m'manja mwanu. Mukapyola liwiro limenelo, kukankha ndi kudumpha zimasemphana, manja n'kupumulako. Koma mphamvu yokoka ija sinapite kulikonse. Pa 110 yakula pafupifupi kawiri poyerekeza ndi pa 80. Inu simukuimva, koma maberingi, mabolojoini ndi matayirodi akuimva yonse. Ndiye dalaivala amene amachiza kunjenjemera ndi phazi lakumanja akuwonjezera katundu pa zitsulo zimene zagwira gudumu, uku akuthamangitsa anthu pa msewu wodzaza njinga, ngolo ndi ana a sukulu. Ine mankhwala amenewo sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Tikupitiriza. Tsopano tibwere kwathu kuno, chifukwa magalimoto athu ali ndi moyo wosiyana ndi a m'tauni. Galimoto ya ku Area 47 imagona pa simenti n'kudzukira pa phula. Yathu m'mawa yakatenga odwala kumudzi kupita nawo ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete, masana yatsika m'dambo kukanyamula tomato, madzulo ili pa M12 kuthamangira m'tauni. M'misewu ya m'midzi imayenda pa 20 kapena 30, ndipo pa liwiro limenelo tayala lingakhale lopendekera motani simungadziwe, mabampu a msewu amabisa zonse. Vuto limadzaonekera pa phula.

M'nyengo ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, wolakwa woyamba ndi matope. Dothi la katondo ndi la m'dambo limalowa kuseri kwa limu, kumene diso silifika. Mukaimika galimoto usiku, matope amadzi aja amatsetserekera pansi n'kuuma mbali imodzi. M'mawa muli ndi chibuma cholimba chomatirira m'kati mwa limu. Tiyerekeze kuti chibumacho ndi cha magalamu 200 okha. Pa 20 chimakoka ngati kilogalamu imodzi, simungachimve. Pa 80 chikukoka pafupifupi makilogalamu 20, kulemera kwa ndowa yodzaza ya malita 20, ndipo ndowa imeneyo ikuponyedwa m'mwamba ndi pansi ka 12 pa sekondi. Dalaivala amachita mantha, amvekere galimoto yaonongeka usiku umodzi, n'kuyamba kuwerengera ndalama za makaniko. Chonsecho mankhwala ake ndi kamtengo ndi madzi. Pindani chiwongolero mpaka kumapeto, gwadani, suzumirani kuseri kwa tayala, kokotani, tsukani. Anyamata otsuka magalimoto amapukuta kunja kuti kuwale, kuseri saafikako pokhapokha mutawauza. Ndipo akamakokota muwachenjeze asachotse tizitsulo ting'onoting'ono tomatidwa m'kati mwa limu, poganiza kuti ndi zinyalala. Timeneto tili ndi ntchito, tifikako posachedwa.

Wolakwa wachiwiri ndi dzenje. Kuno timayenda kumanzere, ndiye matayala akumanzere ndi amene amadya mavuto: m'mphepete mwa phula modyekadyeka, kutsika ndi kukwera ponyamula wokwera, kuthawira kumbali pamene thiraki yochokera ku Zambia yadzaza msewu. Mukagunda dzenje mwamphamvu zinthu zitatu zingachitike. Kachitsulo ka balansi kangathothoke. Limu ingapindike mlomo, makamaka wa m'kati, umene suoneka mutaima panja. Kapena mawaya a m'kati mwa tayala angaduke.

Pa mawayawa ndiimepo pang'ono, chifukwa apa ndi pamene pali imfa. Pafupifupi matayala onse a galimoto zing'onozing'ono lero ndi a mtundu wa radial, umene kampani ya Michelin ya ku France inalembetsa mu 1946. Pansi pa mphira wopondera pamsewu pali malamba a mawaya achitsulo, ndipo m'mbali muli ulusi wolimba. Malamba amenewa akayamba kulekana ndi mphira, tayala limatupa malo amodzi, silikhalanso lozungulira. Chizindikiro chake n'chosiyana ndi cha balansi. Simudikira kufika pa 80. Pa 15 kapena 20 pomwe, pochoka pa siteji, chiwongolero chimapita uku n'kubwerera uku pang'onopang'ono, galimoto ikuyenda modzandira. Mukaona zimenezo imani. Yendetsani chikhatho pamwamba pa tayala lonse kuzungulira, koma mosamala, poti mawaya otuluka amabaya. Mukapeza chotupa, kaya pamwamba kaya m'mbali, tayala limenelo latha ntchito. Palibe makina a balansi amene angalichize, palibe chigamba, palibe kulisamutsira kumbuyo. Musaganize kuti ndi vuto la matayala otchipa okha. Mu 2000 ku America kampani ya Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni kuti abwezedwe chifukwa mphira wapamwamba unkasupuka galimoto ili pa liwiro, ndipo anthu ambiri anafa pa ngozi zoterozo. Kutentha, mpweya wochepa ndi katundu wopyola muyeso ndi zimene zimafulumizitsa kusupukako. Taganizirani Sienta ya mipando 7 itanyamula anthu oposa pamenepo, matumba a chimanga kumbuyo, mu Okutobala phula likutentha.

Ambirife timagula matayala ogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo sindikunyozani, thumba ndi limene limalamula. Koma pogula yang'anani m'mbali mwa tayala pamene palembedwa DOT. Kumapeto kwa mzere umenewo kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene tayalalo linapangidwa. Mukaona 2314, ndiye kuti ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2014. Makampani ambiri opanga matayala amalangiza kuti tayala likakwanitsa zaka 10 lichotsedwe, ngakhale mizere yake ikuoneka yakuya. M'ngalande za mizereyo mulinso timapiri ting'onoting'ono ta mphira, totalika mamilimita 1.6. Mphira wapamwamba ukafanana ndi timapiri timeneto, tayala latha. Chinanso, magalimoto ena ochokera ku Japan amafika atavala matayala a nyengo ya chipale, olembedwa kuti studless, okhala ndi timizere tambirimbiri tokhotakhota. Mphira wake ndi wofewa, anaupangira kuzizira, ndipo pa phula lathu lotentha umatha msanga. Nako katayala kowonda kapadera kamene kamabwera m'buti, kawirikawiri ka limu yachikasu, kanalembedwa kuti kasapyole 80, ndipo ntchito yake ndi kukufikitsani kwa omata matayala basi. Ndimakaona kakuyenda mwezi wathunthu pa msewu uno.

Omata matayala a pa misika yathu amatipulumutsa tsiku ndi tsiku, ndipo ulemu wawo ndiwapatsa. Komabe dziwani kuti ntchito yawo imasintha kulemera kwa gudumu. Akachotsa tayala pa limu n'kulibwezera, silibwerera pamalo pomwe linali, ndiye polemera pa tayala ndi tizitsulo ta pa limu sizikugwirizananso. Njira yake ndi yosavuta: asanalichotse, lembani ndi choko pa tayala moyang'anizana ndi valavu, ndipo pobwezera chizindikirocho chibwerere pa valavu pomwepo. Chigamba chachikulu chodula ku tayala lina, chija amaika m'kati pamene pang'ambika, chimalemera kwambiri, ndiponso tayala long'ambika m'mbali siliyenera kumatidwa n'komwe. Kuika chubu m'tayala la chubulesi nakonso kumasokoneza balansi, ndipo chubucho chimakhuzana ndi tayala n'kumatentha.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za chiwongolero chonjenjemera, ndipo pali chinthu china chimene muyenera kuona musanaganize za makina aliwonse. Manati. Gudumu lomasuka limayamba ndi kunjenjemera ndi kaphokoso ka gu gu gu, kenako limakupitirirani lokha kulowa m'munda mwa eni. Mukasintha tayala, mangani manati modumphadumpha, ili kenako la kutsidya kwake, osati motsatana kuzungulira, kuti limu ikhale bwino pakati. Pukutani dothi ndi dzimbiri pamene limu imakhudzana ndi habu, chifukwa kamchenga kochepa pamenepo kamapendeketsa gudumu lonse. Mukayenda makilomita 50 kapena kuposerapo pang'ono, imani muyesenso manati onse. Koma chizolowezi chija cholowetsa paipi ku sipanala munthu n'kukwerapo ndi miyendo yonse, chimenecho chimakoka mabawuti mpaka kutanuka, ndipo tsiku lina amaduka. Mkono wa munthu wamkulu pa sipanala ya galimotoyo ndi wokwanira.

Tinene kuti matope mwatsuka, manati ndi olimba, chotupa palibe, mpweya ndi wofanana monga palembedwera pa chipilala cha chitseko cha dalaivala, koma pa 90 ikuvinabe. Apa tsopano ndiye nthawi ya makina yakwana. Musananyamuke mungathe kuyesa kanthu kamodzi kaulere. Kunjenjemera kukamamveka m'chiwongolero, kawirikawiri vuto lili kutsogolo. Kukamamveka pa mpando ndi pansi popondera, lili kumbuyo. Sinthanitsani tayala lakutsogolo ndi lakumbuyo mbali imodzi, muyendenso. Kunjenjemera kukasamuka kuchoka m'manja kupita pa mpando, mwalipeza gudumu lolakwa, ndipo mwatsimikizanso kuti vuto ndi gudumu, osati zitsulo za galimoto.

Makina obalansira amafuna magetsi ndipo amapezeka kwambiri m'malo ogulitsa matayala m'tauni, ndiye ambirife tiyenera kukonzeratu kuti tsiku limene talowa mu Lilongwe, kaya kukasiya fodya ku Kanengo kaya kukaoda katundu, tipatule ola limodzi. Ntchito yake ndi iyi. Amachotsa gudumu n'kulimanga pa mkono wa makina. Amayeza kukula kwa limu ndi m'lifupi mwake, n'kulowetsa manambalawo. Amatseka chivindikiro, gudumu limazungulira masekondi ochepa, n'kuima. Pa galasi pamatuluka manambala awiri, tinene 25 kumanzere ndi 40 kumanja. Amenewo ndi magalamu ofunika kuwonjezera, ena ku mlomo wa m'kati, ena ku mlomo wa kunja. Kenako amazungulitsa gudumu ndi dzanja mpaka timagetsi tonse tayaka, ndipo pamwamba penipeni ndi pamene amakhomera kachitsulo. Tizitsuloti timabwera mosiyana ndi magalamu asanuasanu. Pa limu yachitsulo amakhoma tokhala ndi kangowe, pa limu ya aloyi nthawi zambiri amamata ta guluu m'kati. Akazungulitsanso, manambala onse awiri ayenera kuonetsa ziro.

Manambala awiri n'chifukwa chiyani, osati imodzi? Pa njinga paja tayala ndi lowonda, ndiye polemera pamangochititsa kudumpha. Tayala la galimoto ndi lotambalala. Polemera pakakhala chakunja kwa tayala, osati pakati, gudumu likamazungulira limafuna kupotokera kumanzere ndi kumanja, ndipo kupotoka kumeneko ndi kumene kumadutsa mu tayirodi kufika pa chiwongolero. Gudumu lingathe kukhala lolingana bwino mukalizungulitsa ndi dzanja pa jeke, osabwerera paliponse, koma n'kumapotokabe pa liwiro, chifukwa polemera pena pali m'kati kumwamba, pena pali kunja kunsi. Zimenezi maso sangazione. Ndiye munthu wokuuzani kuti wabalansa tayala pongolizungulitsa pa jeke wachita theka la ntchito.

Mukafika kumeneko musakhale pa benchi n'kumasewera ndi foni. Imani pafupi, muone. Kodi gudumu alitsuka asanaliike pa makina? Kubalansa gudumu la matope ndi kubalansa matopewo, ndipo akadzagwa mwabwerera pomwe munali. Kodi atola timiyala tolowa m'mizere? Kodi achotsa tizitsulo takale, kapena angowonjezera tatsopano pamwamba? Gudumu likamazungulira, yang'anitsitsani mlomo wa limu ndi msana wa tayala. Mukaona zikukwera ndi kutsika, kapena zikupita uku ndi uku, limu ndi yopindika kapena tayala si lozungulira, ndipo makina angathe kuonetsa ziro koma galimoto n'kumanjenjemerabe. Makinawo amayeza kulemera, sayeza kuzungulira. Gudumu laling'ono likafuna magalamu ochuluka zedi, kuyandikira 100 mbali imodzi, mmisiri wodziwa ntchito sathamangira kukhoma mzere wa tizitsulo. Amaphwetsa tayala, n'kulitembenuza theka pa limu, kuti polemera pa tayala pakhale kutsidya kwa polemera pa limu, n'kuyezanso. Pa tayala latsopano mudzaona kadontho kachikasu m'mbali. Pamenepo ndi popepuka pa tayalalo, ndipo poveka kadonthoko kayenera kukhala pa valavu. Ambiri oveka matayala sakalabadira, inu akumbutseni mwaulemu.

Ndipatuke pang'ono pa tizitsuloti. Takale tambiri ndi ta mtovu, ndipo mtovu ndi poizoni, makamaka kwa ana, umaononga ubongo. Maiko a mu European Union analetsa tizitsulo ta mtovu pa magalimoto ang'onoang'ono mu 2005, n'kuyamba kugwiritsa ntchito ta zinki ndi ta chitsulo wamba, koma kuno takale tidakalipo. Timagwa m'mbali mwa msewu, ana n'kumatola, poti n'tofewa ndipo timalemba pa khoma. Makolo, mukaona mwana ali nako, mulandeni, asambe m'manja.

(NYIMBO PANG'ONO)

WOULUTSA: Anthu ambiri amasokoneza kubalansa ndi alayimenti, ndipo ena amalipira china pamene akudwala china. Alayimenti ndi kuongola kumene matayala aloza. Ikasokonekera, galimoto imakokera mbali imodzi, chiwongolero chimakhala chopendekera pa msewu woongoka, ndipo tayala limadyeka mbali imodzi, m'kati kapena kunja, kwina kuli kwatsopano. Kawirikawiri alayimenti payokha siinjenjemeretsa chiwongolero. Tayala losabalansa limadyeka mwa mtundu wina, mwa zigambazigamba, pena pakuya pena posalala, makamaka ngati mashoko atopa, ndipo likafika pamenepo limalira wuu wuu ngakhale mutalibalansa.

Chimene chingakupulumutsireni ndalama kwa makaniko ndi kudziwa nthawi imene kunjenjemera kumabwera. Kukamabwera pokhapokha mwaponda buleki, monga potsetsereka kapena poyandikira mahampu, ndipo pedulo ikukankha phazi lanu, nkhani ndi ya madisiki a mabuleki, amene sakulingananso makulidwe. Kukamabwera mukamaponda mafuta pokwera mtunda, n'kusiya mukachotsa phazi, akaone mashafuti ndi majoini ake a m'kati, makamaka ngati mphira wake wang'ambika ndipo girizi yamwazika. Kukamabwera galimoto itaima pa siteji injini ikulira, matayala alibe mlandu, aone mapulagi ndi mphira zogwira injini. Kulira kokula ndi liwiro, kosintha mukakhotera mbali imodzi, ndi beringi. Mukafika pa galaja n'kungoti bwana, ikunjenjemera, mwapereka mpata woti ayambe kusintha zitsulo mongoyerekeza, inu mukulipira. Koma mukati imayamba pa 85, imasiya pa 105, ndimaimva m'manja, buleki siikhudza, mwamuchitira makaniko theka la ntchito.

Pali kuyesa kwina kumene mungachite pakhomo muli awiri. Kwezani gudumu lakutsogolo pa jeke, pamalo olimba, muike miyala ku matayala otsalawo, ndipo wina asalowe pansi. Gwirani tayala kumanzere ndi kumanja, muligwedeze. Mukamva kakhwekhwe, mnzanuyo asuzumire pa tayirodi aone ngati ikusewera. Gwiraninso kumwamba ndi kunsi. Kusewera kwa mbali imeneyo ndi kwa beringi kapena bolojoini. Zitsulo zikamasuka chonchi, magalamu ochepa amene galimoto yolimba sikanawamva amagwedeza chiwongolero chonse, ndipo mungabalanse kawiri katatu osapindula. Zimayenderana: tayala losabalansa limadya tayirodi, tayirodi yodyeka imakulitsa kunjenjemera. Tayirodi kapena bolojoini ikasolotoka pa liwiro, gudumu limaloza kwake, chiwongolero chili m'manja mwanu koma sichikulamulanso kanthu. Ndiponso tayala lodumphadumpha silimagwira msewu mokwanira, ndiye tsiku limene mbuzi kapena mwana wadutsa mwadzidzidzi, buleki imatenga mtunda wautali.

Eni magalimoto, mawu awa ndi anu, mabwana. Dalaivala wanu mwamuikira ndalama yoti abweretse madzulo aliwonse, ndiye ola limene waima pa makina kwa iye ndi ola lotayika, ndipo ndalama yobalansira akuopa kuti ichoka m'thumba mwake. Sadzakuuzani kuti ikunjenjemera. Pepala la COF la ku Road Traffic limanena za tsiku limene galimoto inayezedwa, silidziwa za dzenje la dzulo. Ikwereni nokha kamodzi pa mwezi, muiyendetse pa phula kufika pa 80, mumve. Kubalansa magudumu onse anayi mtengo wake sufika pa tayala limodzi latsopano, ndipo tayala lodyeka mwa zigamba mulitaya lisanafike theka la moyo wake.

Achimwene a kabaza wa njinga zamoto, nanunso zikukukhudzani. Chiwongolero chikamagwedezeka mukamachepetsa liwiro, onani masipoko omasuka, limu yopindika, mpweya, ndi maberingi a pakhosi pa njinga. Matumba olemera omangidwa kumbuyo kwenikweni amapepukitsa tayala lakutsogolo, ndipo kugwedezeka kumayambira pamenepo.

Funso limene limabwera kawirikawiri ndi lakuti tizibalansa kangati. Nthawi iliyonse imene mwaveka tayala lina pa limu, kaya latsopano kaya logwiritsidwapo kale ntchito. Nthawi iliyonse imene tayala lachotsedwa pa limu popanda chizindikiro cha choko chija. Mukagunda dzenje lalikulu n'kumva kusintha. Mukaona pa mlomo wa limu pali kachipsera koyera pamene panali kachitsulo. Kupatula apo, mabuku a magalimoto ambiri amalangiza kusinthanitsa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita pafupifupi 10,000 aliwonse, ndipo imeneyo ndi nthawi yabwino yowaika pa makina. Kwa galimoto yoyenda maulendo angapo pa tsiku pakati pa Msundwe ndi Lilongwe, makilomita amenewo amakwana pasanathe miyezi iwiri kapena itatu. Magudumu akumbuyo musawasiye poti simukuwamva m'manja, okwera anu akuwamva, ndipo tsiku lina mudzawasamutsira kutsogolo.

Nthawi yatithera, omvera athu. Sabata ya mawa nthawi ngati yomwe ino tidzakamba za mashoko: momwe mungadziwire kuti atha, ndi chifukwa chake amasinthidwa awiriawiri. Tsalani bwino, a pamsewu muyende bwino.

(NYIMBO YOTSEKERA)